Mpini timasemera khasu, nanga chopukusira gitala tikuchifuniranji ku Joni?

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero za fetereza ndi mitengo ya soya ziyambe zapuma. Ndikufuna tikambirane kachinthu kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koma kamene kakupha magitala m'midzi muno mwakachetechete. Ndikunena chopukusira nsambo, kaja kokhala ngati chogwirira cha makina osokera a pamanja, kamene umakaveka pa kiyi wa gitala n'kumazunguza posintha nsambo. Magitala ambiri a m'makwaya ndi m'timabandi tathu ali ndi makiyi akuluakulu, ndiye zopukusira za m'sitolo sizilowa. Maganizo anga ndi awa: musavutitse kiyi kuti akwane m'chopukusira, ndipo musavutitse achibale a kutali kuti akusakireni. Yezani kiyi wanu, pitani kwa mmisiri wa pompano, akupangireni chokwana.

Ena museka kuti mlimi walowa liti za magitala. Sekani, koma ukwati uliwonse kuno, chitsitsimutso, mpikisano wa makwaya, ngakhale pa siwa, gitala amakhalapo. Ndipo gitala mmodzi yemweyo amatumikira mudzi wonse. Akawonongeka kiyi mmodzi yekha, basi gitala uja amakapachikidwa pakhoma miyezi ndi miyezi, chifukwa makiyi atsopano sagulitsa pa tiledingi senta pathu pano.

Tiyambe ndi funso loti chopukusiracho n'chofunika zoona kapena ndi matama a m'tauni. Tawerengani nane. Kiyi wa gitala wa ku fakitale ali ndi timagiya tiwiri kumbuyo kwake. Kanjere kamene umagwira ndi zala kamazunguza kachitsulo ka mazinga, kachitsuloko n'kumakankha giya wa mano amene amazunguza mzati wokulungapo nsambo. Makiyi ambiri amafuna uzunguze ka 14 kuti mzati uzungulire kamodzi kokha, ena ka 18. Nsambo imafunika ikulungike pamzati katatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye pa kiyi wa 18 uja, katatu ndi kuzunguza ka 54 pa nsambo imodzi. Nsambo 6 zonse ndi ka 324. Pa kiyi wa 14 ndi ka 252. Zala zimene zalima mizere kuyambira mbandakucha, kapena za bambo wachikulire wa nyamakazi, muzipatse ntchito imeneyo madzulo, muona nkhope yake. Komanso nsambo siduka nthawi yabwino ayi. Imaduka akwati akulowa, anthu aimirira. Wa chopukusira amamanga ina anthu asanatope n'kudikira. Wa zala zokha amapeza a tcheyamani atauza kale wa ng'oma kuti apitirize yekha. Choncho si matama. Ndi chida, ngati mmene zilili chikwakwa ndi sipanala ya njinga.

Nanga chifukwa chiyani makiyi athu ali akuluakulu? Pali zifukwa zitatu zimene ndimaona. Choyamba, ena anabadwa choncho. Makiyi a gitala wa besi ndi otambalala ngati khutu la mbuzi, chifukwa nsambo zake n'zonenepa ndipo zimafuna mphamvu. Palinso makiyi a magitala wamba opangidwa aakulu dala kuti azikongola, monga a mtundu wa Grover Imperial okhala ndi m'mbali mwa masitepe. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chofala kuno, magitala athu ambiri ndi a kaunjika. Anadutsa m'manja ambiri asanatipeze. Kanjere ka pulasitiki kakasweka, mwini wake amapita kwa owotcherera, iwo n'kuikapo washala kapena kachitsulo kafulati kamene kapezeka pafupi. Ena amasema kamtengo n'kukhomerapo. Mukaona gitala wa kwaya yathu iliyonse, makiyi 6 aja ali ngati ana a mitala, aliyense nkhope yakeyake. Chachitatu ndi mabanjo ndi magitala opanga tokha, a chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, amene amakungidwa ndi zichiri zamtengo.

Pa gulu lachitatuli ndinene msanga: chichiri chamtengo sichifuna chopukusira. Chilibe magiya. Ukachizunguza kamodzi, nsambo yakulungika kamodzi. Chimagwira chifukwa chathina m'bowo, chimodzimodzi chichiri cha kaligo. Ukachiveka chopukusira ndiye kuti wachipatsa mphamvu yopitirira, uthyola chichiri kapena ukulitsa bowo, nsambo n'kumangomasuka yokha. Anyamata a mabanjo, ndalama yanu sungani, nkhaniyi si yanu.

Kwa magulu awiri enawo, vuto lili apa. Chopukusira wamba cha m'sitolo chili ndi kakamwa ka pulasitiki kopangidwira kanjere ka gitala wamba. Wopanga ku fakitale sanaonepo washala wa owotcherera athu. Ndiye m'bale wathu ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Johannesburg amagula ndi mtima wabwino, amapatsira wa basi, chimafika kuno, sichilowa. Zimene zimachitika pambuyo pake ndi zimene zandilembetsa zonsezi.

Ena amakanikiza mwamphamvu mpaka kakamwa kaja kang'ambika. Apo tataya chopukusira chokha, palibe maliro. Ena amatenga tupa n'kuyamba kupala kiyi kuti achepe. Apa ndiye pondiwawa. Kanjere kali ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwake. Ukakapala kamafooka, ndipo tsiku lina kamasweka m'manja. Munthu wawononga chinthu chosowa pofuna kusangalatsa chinthu chotchipa. Kodi alipo amene amadula phazi kuti nsapato ikwane? Ena amataya mtima n'kutenga pulayala kapena shifitingi. Mano a pulayala amatafuna kanjere, ndipo popeza dzanja limakokera kumbali, kachitsulo ka mazinga kamapindika. Kakapindika, kiyi amalimba mbali ina, kulefuka mbali ina, ndipo mano a giya amatha msanga. Kumbukirani kuti nsambo 6 zachitsulo zikakungidwa bwino zimakoka mphamvu yofika pafupifupi makilogalamu 70, kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 lija. Katundu yenseyo ali pa timano tating'onoting'ono. Timafuna ulemu.

Tsono ife alimi nzeru ya vutoli tili nayo kale, timangoiiwala chinthu chikakhala ndi fungo la m'tauni. Khasu timagula, koma mpini timasema. Palibe amene amatuma mwana wake wa ku Joni kuti amugulire mpini. Umayang'ana msuka wa khasu lako, umayang'ana msinkhu wako, n'kusema wokwana. Goli la ng'ombe chimodzimodzi, timalipanga molingana ndi makosi a ng'ombe zathu. Chopukusira ndi mpini wa kiyi basi. Ndi kamtengo kokhala ndi mpata ndi chogwirira chozungulira. Kalipentala amene amapanga chitseko cha mapanelo sangalephere zimenezi.

Chofunika ndi kuyeza, ndipo miyezo ndi itatu. Tengani rula ya mwana wa sukulu. Yezani kutambalala kwa kiyi wamkulu kuposa onse. Yezani kuchindikala kwake. Kenako yezani mpata umene uli pakati pa kiyi ndi mnzake. Wachitatuwu ndi umene anthu amaiwala. Chopukusira chikhoza kulowa bwinobwino pa kiyi koma n'kumagunda kiyi woyandikana naye chikamazungulira. Magitala okhala ndi makiyi atatu uku atatu uku ali ndi malo okwanira. Koma aja a magetsi okhala ndi makiyi onse 6 mbali imodzi, kuchokera pakati pa kiyi kufika pakati pa mnzake pamakhala mamilimita 24 kapena 25 okha, ndiye mutu wa chopukusira usanenepe. Ngati rula palibe, panikizani kiyi pa sopo kapena pa dongo lofewa, chidindo chimenecho mupite nacho. Koma kunena zoona, chabwino koposa n'kunyamula gitalayo kupita naye kwa mmisiri.

Kapangidwe koyamba ndi ka mtengo. Pemphani kachidutswa kotsala ka mtengo wolimba, mlombwa kapena mbawa, kamene kalipentala akanakasonkhezera moto. Paini ayi, amang'aluka. Aboole mpata wotambalala kuposa kiyi ndi mamilimita awiri okha, wakuya moti kanjere konse kabisike. M'kati mwa mpatamo mumatemo kachidutswa ka chubu chakutha cha njinga. Labala ameneyu ali ndi ntchito ziwiri: sakanda kiyi, komanso amagwira makiyi osiyana kukula osagwedera. Pamwamba pa mutuwo akhomere kathabwa kopingasa kotalika ngati chala chapakati, masentimita 7 kapena 8. Kumapeto kwake aboole, alowetse bawuti, ndipo pa bawutiyo avekepo kamtengo kobulungira kapena kachidutswa ka nsungwi kozungulira momasuka. Chatha. Musalole kuti kathabwa kopingasako katalike kwambiri poganiza kuti ndiye mphamvu. Mphamvu yambiri ndi imene imadula nsambo ndi kupinda makiyi.

Kapangidwe kachiwiri ndi ka paipi ya pulasitiki, yotsala kwa okonza mipope. Paipi ya mamilimita 20 kapena 25 imakwana makiyi ambiri, ya 32 ndi ya besi. Mbali imodzi muifewetse poiyandikiza kutali pang'ono ndi makala, panja pa mphepo, osaipsereza chifukwa utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Ikafewa muiphwatalitse pa kathabwa kamene mwasema mofanana ndi kiyi wanu. Pa kiyi weniweniyo ayi, kutentha kungawononge kanjere. Ikazizira imasunga maonekedwe omwewo. Kenako chogwirira monga ndafotokozera.

Owotcherera nawonso angathe, koma chachitsulo chimalemera ndipo chikapulumuka chimakanda mutu wa gitala. Ngati mwasankha chimenecho, labala wa chubu asasowe m'kati ndi kunja komwe.

Pa njira zonsezi lamulo lalikulu ndi limodzi. Pakati pa mpata paja palunjike ndendende ndi kachitsulo ka kiyi. Chopukusira chikakhala chopendekera, chimavina ngati gudumu la njinga lopindika, ndipo kuvina kumeneko kumathera pa magiya. Muyeseni mmisiri pomwepo musanalipire: vekani, zunguzani pang'onopang'ono, muone ngati mutu ukuzungulira pamalo amodzi.

Ndikudziwa a m'tauni muli ndi yankho, ndipo ndikulilemekeza. Mukuti zilipo zopukusira zopangidwira makiyi aakulu. N'zoona. Kampani ya D'Addario, mwachitsanzo, imapanga china cha gitala wamba, china cha besi, ndipo zina zimabwera ndi kodulira nsambo ndi kozulira timapini ta pa buliji. Kamtengo kathu ka mlombwa zimenezo kalibe. Ngati gitala ali ndi makiyi a ku fakitale onse ofanana, ndipo inu muli pafupi ndi sitolo ya zoimbira, gulani, palibe tchimo. Koma mugule muli ndi miyezo itatu ija m'manja, ndipo mupemphe wogulitsa akuyesereni pa kiyi wa kukula komweko. Chithunzi cha pa WhatsApp chopanda rula pambali chimanama, kiyi wamng'ono amaoneka wamkulu. Safunsa anadya phula. Ndipo ngakhale mutagula cha besi, pa gitala wa makiyi a ana a mitala uja chidzakwana awiri, kugwedera pa atatu, kukana mmodzi. Fakitale imapangira makiyi ofanana. Mmisiri amapangira gitala amene ali patsogolo pake.

Ena mukuti bwanji osangosintha makiyi onse 6, kuika atsopano a saizi wamba. Ngati magiya anatha, inde sinthani. Koma ngati akugwira bwino, mukuchotseranji chinthu chamoyo? Makiyi atsopano kawirikawiri salingana ndi mabowo akale, ndiye pamafunika kuboolanso mutu wa gitala, ndipo mutu wobooledwabooledwa suchedwa kung'aluka. Komanso kiyi wamkulu si chilema. Kwa munthu wa zala zokhakhala ndi khasu, kanjere kakakulu kamagwirika bwino kuposa kakang'ono koterera.

Palinso anyamata amene aona pa intaneti anthu akumanga kachipangizo ku drilu ya batire n'kumapukusa nsambo ngati mphezi. Kumeneko ali ndi sitolo ya nsambo pakhomo. Kuno nsambo ikaduka ndi ulendo wa kuboma. Drilu simva kuti nsambo yakungika, dzanja limamva.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti timadzikayikira pa kanthu kakang'ono chonchi, pamene dziko lino limadziwika kunja chifukwa cha anthu osadikira sitolo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wa nsambo imodzi wopanga yekha, ndipo anthu a maiko akutali amamudziwa. Madalitso Band, Yobu Maligwa pa babatoni ndi Yosefe Kalekeni pa gitala wa nsambo zinayi, anayambira m'misewu ya Lilongwe, mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako mpaka ku Ulaya. Malawi Mouse Boys anatulutsa chimbale chawo choyamba mu 2012 ali ndi zoimbira zopanga ndi zotolatola. Tikabwerera m'mbuyo, malemu Daniel Kachamba wa kwa Singano kufupi ndi Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankaimba gitala wa nsambo zisanu, ndipo akatswiri a maphunziro a nyimbo anachita kuchokera ku Ulaya kudzaphunzira kaimbidwe kake. Onsewa anachititsa chida kuti chimvere iwo. Ndiye ife tilephere kusema kamtengo ka mpata umodzi?

Palinso nkhani ya ndalama, imene kwa ine ndi yaikulu. Ndalama yogulira chopukusira m'tauni, kuphatikizapo ya wa basi, imachoka osabwerera. Imene mwapatsa kalipentala wa pano mawa agula nayo tomato wanu kapena alipirira mwana yunifolomu pa telala wa pompano. Ndipo mnyamata amene wapanga chopukusira chimodzi waphunzira kuyeza ndi kulunjika. Mawa akonza buliji yomatuka, mkuja asintha kanjere kosweka mwaluso osati mongowotcherera. M'dera lonse lino mulibe wokonza magitala, pamene makwaya ali pa mpingo uliwonse. Imeneyo ndi ntchito yogona pansi, ikudikira woitola.

Kwa inu achibale a kutali amene mumatikumbukira, sindikuti lekani kutumiza. Ndikuti tumizani chimene sitingapange. Nsambo zenizeni sitingapange, waya wa mabuleki amaimba koma amadya mafuleti ndi zala. Tumizani mapaketi a nsambo, ndipo ngati n'kotheka muonjezere zapadera za E wamng'ono ndi G, poti ndi zimene zimakonda kuduka. Mufunse kaye ngati gitalayo ndi wa nsambo zachitsulo kapena za nayiloni, chifukwa zachitsulo zikaikidwa pa gitala wa nayiloni zimazula buliji ndi kupinda khosi. Tumizani makiyi apadera ngati akale anatheratu, mutaona chithunzi chokhala ndi rula. Koma mpini tisiyireni.

Pomaliza, kwa amene mupangitse chopukusira sabata ino, kagwiritsidwe kake ndi aka. Sinthani nsambo imodziimodzi, osamasula zonse nthawi imodzi. Polowetsa nsambo m'bowo la mzati siyani yolendewera pafupifupi masentimita 5, ndiyo idzakulungike. Pukusani modekha, dzanja linalo litagwira nsambo kuti mizere yake izitsikira pansi mwadongosolo, osakwerana. Nsambo ikangoyamba kutulutsa mawu, chotsani chopukusira, mumalize kuchuna ndi zala. Nkhope ikhale kumbali, nsambo yoduka imalasa diso, ndipo ana asaunjikane pafupi. Nyengo ya mvula dzimbiri silichedwa, ndiye pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukatha kuimba, ndipo pa magiya oonekera dontheza kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira ayi, amachita nyanda n'kumata fumbi. Kenako chopukusiracho chimangireni kachingwe m'chikwama cha gitala, chifukwa tikudziwana, chobwerekedwa kuno chimabwerera chaka chamawa.

A makomiti a kwaya, a mabandi a achinyamata, nkhaniyi muikambe pa msonkhano wanu wotsatira. Gitala wa gulu akhale ndi munthu mmodzi womusamala, ndipo pulayala asayandikirenso makiyi. Amisiri athu, wina akabwera ndi gitala musamubweze kuti ife ndi a mipando ndi mabokosi. Tengani rula, yesani. Amene mwapanga kale chanu, tionetseni chithunzi chake ndipo mutiuze mtengo umene munasema, ena atengerepo nzeru.

Sabata yamawa tibwerera kumunda, pali nkhani ya anankafumbwe m'nkhokwe.